Mayi Probhati Hagidok ndi Kiyi wa Mipopi

Malemu mayi Probhati Hagidok anabadwa m'chaka cha 1968 m'mudzi muno wa Bolsalpara, m'boma la Mymensingh. Anali achiwiri kubadwa mwa ana anayi a malemu mayi Sorola Hagidok ndi malemu bambo Jotin Rema. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Sengchi Hagidok, mwana wa mng'ono wawo. Malemuwa ndi amene anandilera, ndipo ndi ine amene anandisankha kuti ndidzalowe nyumba yawo.

Abusa, amalume, akuluakulu a mbumba zonse ziwiri, aphunzitsi anzanga ndi nonse amene mwabwera: ndikuona kuti ambiri mwaima patali ndi bokosi, ena mwaphimba pakamwa ndi nsalu. Simunalakwe. Eni ake akanatha kulankhula akanakuuzani kuti musunthirenso kumbuyo. Ndikupemphani chinthu chimodzi ndisanapitirire. Mpunga ndi nyama ya nkhumba zikuphikidwa kuseri kwa sukulu uko, fungo lake nonse mukulimva, koma wina asakhudze chakudya mpaka ndimalize. M'mudzi muno muli kolera. Malo okhawo a madzi abwino amene atsala ndi chipinda cha mipopi cha pasukulupa, ndipo chipindacho n'chokhoma. Kiyi wake ali m'bokosi umu. Mbiriyi ifotokoza mmene analoweramo.

Amayi anayamba sukulu pompano, nthawi imeneyo makoma ali a nsungwi, denga lili la udzu. Nyengo ya mvula mtsinje ukadzaza, amene ankawaolotsa paphewa ndi mlongo wawo wamkulu, amalume a Porimol Hagidok, omwe akhala kutsogolo kuno. Amalume amanena kuti mwanayo akakhala paphewa sankayang'ana madzi ngati ana ena. Ankayang'ana m'makutu mwa womunyamula n'kumanena zimene waonamo. Atamaliza pulaimale anasankhidwa kupita kusukulu ya atsikana ya mishoni ku Birisiri, kumene anakhoza bwino masamu ndi Chibengali. Kuchokera kumeneko anakachita maphunziro a uphunzitsi ku Mymensingh. Anzawo ambiri anatsalira m'tauni. Iwo anabwerera kuno m'chaka cha 1989 ndi chikwama chimodzi, ambulera ndi sari ziwiri zophunzitsira, nsalu zazitali zija timavala akazife, n'kuyamba ntchito m'kalasi yomweyo imene anaphunziramo kulemba dzina lawo.

M'chaka cha 1990 anamanga banja ndi bambo Hemonto Dalbot ochokera cha ku Haluaghat, amene anabwera kudzakhala m'nyumba ya apongozi awo monga mwa mwambo wathu. Atate ndi mlimi wa mpunga komanso amakonza njinga. Ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo iwo eni amati m'nyumba muja mawu ankakwana kale. Mulungu anawapatsa ana atatu: Jharna, Dipon ndi Tengsrang. Agogo a Sorola anasankha amayi kukhala olowa nyumba. Agogowo atamwalira, amayi ndi amene anagwada pambali pa mtembo n'kumasula makiyi a m'nyumba pansonga ya nsalu yawo. Nonse mukudziwa mmene timachitira pabanja pathu. Makiyi a mayi samasulidwa mwini wake ali moyo, chifukwa kutero n'kumuuza kuti wafa kale. Akamwalira, wowamasula ndi mwana wamkazi wolowa nyumba, ndi manja ake, osati wina. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankamanga makiyiwo pansonga ya sari n'kuiponya paphewa. Ana a sukulu ankadziwa kuti aphunzitsi akubwera asanawaone, chifukwa makiyi ankayamba ndi iwo kulankhula.

Chaka cha 1998 sichifuna kuti ndichifotokoze kwa akuluakulu amene muli pano. Madzi anakhalitsa m'minda ndi m'mabwalo, ndipo atayamba kuphwa kunabwera matenda otsekula m'mimba. Jharna anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali m'kalasi yoyamba, kalasi ya amayi ake. Anadya chakudya cha masana pakhonde la sukulu pamodzi ndi anzake, monga ankachitira masiku onse. Tsiku lotsatira maso ake anali atalowa m'kati, khungu la zala litakwinyika ngati la munthu wochapa tsiku lonse. Anamwalira ali m'bwato, chipatala chisanaoneke n'komwe. Wagona chapomwepa, pafupi ndi nsungwi izo. Amayi sanaberekenso mwana wamkazi. N'chifukwa chake ine ndili wamng'ono ananditenga kwa mng'ono wawo, amayi a Konika ondibereka, kuti nyumba isasowe woilowa. Mpaka tsiku lomaliza atate ankawaitana kuti amake Jharna, ndipo iwo ankavomera.

Sukulu itatsegulidwanso chaka chimenecho, amayi anabwera ndi mtsuko woboola pansi, n'kuupachika pamtanda wa nsungwi pafupi ndi chimbudzi. Pabowopo ankatsekapo ndi kamtengo. Pambali anaika chigoba cha kokonati chodzaza phulusa. Panalibe lamulo lililonse lochokera kuboma nthawi imeneyo, panalibenso amene anawatuma. Mwana aliyense wochokera kuchimbudzi, ndiponso aliyense asanatsegule chakudya chake, ankayenera kudutsa pamtsukopo aphunzitsi ataima pompo. Ambiri mwa inu amene muli ndi ana lero munadutsapo. Mukukumbukira kuti sankakhulupirira manja onyowa. Ankati, "Kunyowa nayenso chule amanyowa. Tembenuza. Tambasula zala. Kodi m'zikhadabo umu ukufuna kudzalamo mpiru?" Makolo ena anabwera kudzadandaula kuti ana awo akuchititsidwa manyazi, ngati kwawo kulibe madzi. Amayi ankawamvetsera mpaka amalize, kenako ankawayang'ana m'manja. Madandaulo ambiri ankathera pamenepo.

Sopo atayamba kupezeka, anabweretsa mavuto akeake. Akamuika pamwala, akhwangwala ankamunyamula. Akamubisa pansi pa chigoba, mbuzi za amalume zinkamupeza. Pomaliza amayi anayamba kumuika m'kachidutswa ka ukonde wakale n'kumangirira pansungwi, ndipo njira imeneyo inafalikira m'masukulu ena a kuno popanda amene ankadziwa kumene inachokera.

M'chaka cha 2009 anakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu. Zaka zotsatira boma linayamba kutumiza malangizo akuti sukulu iliyonse ikhale ndi malo osambira m'manja, sopo ndi madzi oyenda, ndiponso kuti ana aziphunzitsidwa ukhondo. Kunayambikanso tsiku lapadera chaka chilichonse, lokhala ndi chinsalu cholembedwa mawu, alendo ndi zithunzi. Amayi ankalemekeza tsikulo. Ankangodabwa kuti chinsalu chimabwera chaka ndi chaka, koma sopo amabwera wokwanira chithunzi.

M'chaka cha 2019 anatimangira chipinda chimene mukuchiona apocho. M'kati muli makoma oyera osalala, mipopi yamkuwa mondandalika, kalilole, ndi mjigo wozama kwambiri wopopa madzi ndi mphamvu ya dzuwa kupita m'thanki ya padenga. Tsiku lopereka chipindacho, bwana wochokera kuofesi ya kuboma anayamikira mudzi wathu, nanena kuti akadzabweranso akufuna adzachipeze chikuwala monga mmene achisiyira. Anapatsa komiti ya sukulu kiyi mmodzi, wina anapita naye. Wosaina kuti walandira katundu wa boma anali wapampando wa komiti, amalume a Porimol. Komiti inakhala pansi n'kulingalira mawu a bwana uja mosamala, ndipo inapeza kuti njira yokhayo yoti chipinda chiziwala ndi yoti ana asalowemo. Chinakhomedwa. Kwa nthawi yaitali ndithu ana anapitiriza kusamba pamtsuko woboola, atatsamira khoma la chipinda cha mipopi.

Zimene zinachitika pamsonkhano wotsatira ndazimva kwa onse awiri, amayi ndi amalume, ndipo sanasiyanitse kwambiri. Amalume anati, "Mlongo, chibadwire ife, boma latimangira chinthu chooneka bwino kamodzi kokha. Ukufuna ana a mamina akachidetse?"

Amayi anati, "Ndiye, achimwene, tiwapemphe a boma atitumizirenso zidole zoti ziziphunzira muno. Zosadya, zosapita kuchimbudzi."

"Iwe umaseka. Wosaina uja ndine. Mpopi umodzi ukasowa, apolisi sabwera kwa iwe."

"Ukasowa mukanene kuti ndameza ine."

Anthu anaseka, koma amalume sanaseke, ndipo sindikufuna kuti wina awaseke lero. Ife anthu a kuno tikudziwa chimene mlandu umachita ndi munthu. Tinaonapo abambo akuyenda ulendo wa kukhoti mpaka kumera imvi, munda n'kutha, chifukwa cha mtengo umodzi. Mantha a amalume sanali ongopeka. Pomaliza anagwirizana chonchi: kiyi asunge amayi, azitsegula okha, azitseka okha dzuwa likamalowa, ndipo chilichonse chikasowa mlandu ndi wawo. Kamodzi kokha anasiyira mphunzitsi mnzawo kiyiyo popita kumsonkhano kutauni. Pobwera anapeza kuti chipinda sichinatsegulidwe n'komwe, chifukwa kunamveka mphekesera yoti kubwera alendo. Tsiku lomwelo anamasula mfundo ya pansonga ya sari, n'kuika kiyi wa boma pamodzi ndi makiyi a m'nyumba mwawo, n'kumanganso. Sanatulukemonso, kupatula polowa m'loko.

Ku mbali ya chipembedzo, amayi anabatizidwa mumpingo wa Baptist wa m'mudzi muno ali mtsikana, ndipo sanasunthe. Anatumikira monga mlembi wa amayi a chigwirizano, mphunzitsi wa Sande sukulu, ndiponso woyang'anira zophika pamisonkhano ikuluikulu. Ankaimba mokweza, osati mokoma kwenikweni. Ndi abusa athu ankagwirizana pa zonse kupatula chimodzi, ndipo abusa andilola kuchinena. Pamaphwando a mpingo ana ankasamba m'manja, kukhala pansi, kenako abusa ankadalitsa chakudya. Mukuwadziwa abusa athu. Pemphero lawo limayambira pa kulengedwa kwa dziko. Tsiku lina amayi anawatsatira kuseri n'kuwauza kuti, "Abusa, inu mukamafika kwa Abrahamu, ana aja amakhala atagwira kale galu, matope ndi mphuno za anzawo. Kapena mufupikitse, kapena tisinthe." Abusa anati pemphero silifupikitsidwa chifukwa cha galu. Choncho anasintha ndondomeko. Kuyambira pamenepo mumpingo muno timayamba ndi pemphero, kenako kusamba m'manja, kenako kudya. Alendo amadabwa. Ife tinazolowera.

Ine anandiphunzitsa mpaka ndinamaliza kuyunivesite chaka chatha, ndipo kumayambiriro kwa chaka chino ndinalembedwa ntchito pasukulu yomwe ino. Ndikadali pa nthawi yoyesedwa. Tsiku langa loyamba ndinabwera nditakonzekera kuphunzitsa Chingerezi. Anandipatsa mtanda wa sopo ndi ulusi, nati, "Tione ngati digiri imadziwa kudula sopo mofanana." Sinkadziwa. Anandisonyeza kamodzi, osabwereza. Madzulo ena tikutseka chipinda ndinawafunsa chifukwa chimene sankaperekera kiyi kwa wina ngakhale atadwala mutu. Anagwedeza mfundo ija nati, "Udzamasula wekha nthawi yake. Usafulumire."

Tsopano ndifike pa matenda awo. Mwezi uno madzi a kumapiri anatsika mwadzidzidzi, mtsinje unagumula chipupa chake n'kulowa m'mudzi. Ine ndinali ku Mymensingh kumaphunziro a aphunzitsi atsopano, ndipo msewu unaduka kumbuyo kwanga. Mabanja a kumunsi anathawira pasukulu pano chifukwa ndi pokwera, mpaka lero akugona m'makalasi. Mijigo ya m'mudzi inamira, zimbudzi zinasefukira, zonse zinasakanikirana m'madzi amodzi. Mjigo wa m'chipinda cha mipopi wokha ndi umene unapulumuka. Amayi ankatsegula m'mawa, anthu ankatunga akumwa ndi ophikira, ana ankadutsa pamzere kusamba, ndipo dzuwa likamalowa ankatseka monga analonjezera. Matenda anayambira kunyumba za kutsidya, kwa amene anakana kusamuka. Amayi ankapitako pabwato ndi madzi a mchere ndi shuga. Ndi iwo amene ananyamula Toma Dibra, mtsikana wa m'kalasi yachiwiri, kumutulutsa m'nyumba mwawo ndi kumupukuta njira yonse. Munthu amene anasambitsa m'manja mudzi wonse anadziwa bwino chimene ananyamula. Ananyamulabe.

Madzulo a tsiku limenelo anatseka chipinda. M'mawa mwake sanathe kudzuka kuti akatsegule. Ang'ono awo awiri, amayi a Konika ndi amayi a Bithika, anawakweza m'bwato atavala sari yomweyo ya mphepete yobiriwira imene anagwira nayo ntchito dzulo lake. Zimene ndinene tsopano amayi a Konika andiuza okha, ndipo andipempha kuti ndizinene pamaso pa anthu. M'bwato muja, ndiponso atafika kuchipatala, mawu a malemuwa anali atatha. Matendawa amaumitsa munthu mpaka kukhosi. Koma dzanja lawo linkangopita pansonga ya sari, kukoka mfundo, kuloza ang'ono awo. Amayi a Konika anaona ngati mkulu wawo akutsanzika. Anawagwira dzanja nati, "Ayi, achemwali, musatero. Simukufa inu. Makiyi anu palibe amene awakhudze, Sengchi akubwera." Mfundo inali itayamba kumasuka. Anaimanganso kawiri, molimba, kuti mkulu wawo akhazikike mtima.

Amayi anga ondibereka, dzutsani mutu. Palibe mkazi wa mbumba ino amene akanachita mosiyana. Inenso ndikanakhalapo sindikudziwa ngati ndikanamva chimene dzanja lija linkanena.

Mayi Probhati Hagidok anamwalira Lachitatu lapitali masana, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Achipatala anafuna kutentha zovala zonse. Ang'ono awo anachonderera kuti sari ija isatenthedwe, chifukwa pali makiyi amene mwini wake wowamasula sanafike. Ankaganiza kuti kunyumba kuno tidzasambitsa mtembo monga mwa nthawi zonse, ine n'kugwada n'kumasula. Achipatala anawamvera chisoni. Anathira mankhwala thupi ndi sari yomwe, kukulunga zonse pamodzi m'pulasitiki, n'kulamula kuti bokosi likhomedwe pomwepo ndipo lisatsegulidwenso. Anachita ntchito yawo moyenera. Ine ndinafika dzulo, mbali ina pabwato, mbali ina wapansi, n'kupeza misomali italowa kale. Makiyi onse ali m'menemo: a nkhokwe, a kabati, a bokosi la zovala. Malaya amene avala atate lero ndi obwereka, n'chifukwa chake manja ake ndi aafupi. Zimenezo tidzaona. Bokosi la zovala silipha munthu.

Chipinda cha mipopi sichinatsegulidwe kuyambira madzulo amene amayi anachitseka. Anthu ogona m'makalasi abwerera kudziwe la kuseri, limene nonse mukudziwa zimene zinalowamo. Toma anamwalira ndipo anamuika kale, wagona pafupi ndi Jharna. Ana ena a pasukulu pano ali kuchipatala, ndipo m'mawa uno bwato lanyamulanso mayi wina wa m'kalasi ya kumapeto iyo. Ndikuuzeni zoona, ndili ndi mantha. Chifikire dzulo ndikungoyang'ana ana m'maso kuti ndione ngati ayamba kulowa. Mwana akathamanga kulowera kunsungwi ndimayang'anabe komweko mpaka abwere akuseka. Pobwera kuno mwagwirana chanza, mwakumbatira atate, mwagwira zingwe za bwato, ena mwakumba manda m'dothi lonyowali. Ena mwa inu mwachokera kumene kuli wodwala ndipo simunanene, chifukwa mukuopa kuti anthu akuthawani. Sindikukudzudzulani. Koma tikachoka pano tikakhala pamizere, tikadya ndi manja omwewa, ndipo azimayi adzayamba kudyetsa ana awo iwo asanadye. Mpunga wotentha ulibe mlandu. Ndikuopa manja. Ndikuopa kuti maliro a munthu amene anakhala moyo wake wonse ataima pamtsuko ndi amene adzadzaze manda ano.

Tayesa njira zoyenera. Tinaimba foni kuofesi kumene kuli kiyi wachiwiri. Anatiyankha mwaulemu kwambiri, anapepesa za malirowa, nati tidikire madzi aphwe. Anatikumbutsanso kuti loko wa boma sathyoledwa popanda chilolezo, kuti wothyola adzayankha yekha, ndipo ngati ali wantchito wa boma adziwe kuti ntchito yake ili pachiswe. Wina mwa achibale, chifukwa cha kuthedwa nzeru, anati tizule misomali, Sengchi alowetse dzanja, ndi kanthawi kochepa. Atate, amene sindinawamvepo akukweza mawu, anati wofuna kutero ayambe wawachotsa iwo pamwamba pa bokosi. Akunena zoona. Bokosi ili silitsegulidwa. Ndikuvomerezanso kuti atanena za kulowetsa dzanja, ine ndinabwerera m'mbuyo.

Dzulo masana ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana madzi pamene panali munda wawo. Ndinati, "Amalume, ndinu wapampando. Lamulani tithyole."

Anati, "Mwana iwe, wafika lero lomwe, wayamba kale kulankhula ngati mayi ako."

Ndinati, "Mawa anthu adya."

Anati, "Ukuganiza kuti sindikudziwa? Mdzukulu wanga akugona m'kalasi momwemo. Koma ndikalamula, wina adzanena kuti ndinalamula. Ndikaona, adzandiitana kuti ndikanene amene ndinamuona. Ndakalamba, Sengchi. Masitepe a kukhoti sindingawathe."

Kenako anandifunsa kuti pamanda apemphera ndani. Ndinati abusa athu. Anagwedeza mutu nthawi yaitali, nati, "Aja amatalikitsa." Ndinavomera kuti amatalikitsa. Anati, "Ine ndikatsinzina sindikhala wapampando. Ndimakhala Mkhristu chabe." Ndikunyamuka anawonjezera, osandiyang'ana, kuti mmisiri amene anapita kukakhoma bokosi ndi munthu woiwalaiwala, ndipo nyundo yake waisiya patsinde pa nsungwi, kufupi ndi chitseko cha chipinda cha mipopi.

Choncho ndondomeko ya lero ndi yomwe amayi anatisiyira, sitisintha kanthu. Bokosi likatsika, abusa apemphera. Ndikupempha kuti aliyense atsinzine zenizeni, osati kutsinzina kwa ana a Sande sukulu. Amayi, gwirani ana anu kumaso. Mukamva chitsulo chikulira, musatsegule maso. Chikalira kambirimbiri, pirirani, chifukwa si onse amene anaphunzira kugwira nyundo. Sindikufuna kuti munthu aliyense wa mudzi uno adzayende ulendo wa kukhoti kukachitira umboni. Akadzakufunsani kuti munaona ndani, mudzayankhe zoona. Akadzafuna dzina, asadzavutitse amalume. Makiyi onse a m'mfundo ija anayenera kumasulidwa ndi munthu mmodzi, ndipo mwambo wathu ukumudziwa. Ntchito yanga ya uphunzitsiyi ndinaifuna kwambiri, ndipo ikhoza kundithera. Koma ndinauzidwa kuti ndidzamasula ndekha nthawi yake.

Abusa akati ameni, palibe wopita kumphika. Tonse tidutsa kumipopi pamzere umodzi, okumba manda patsogolo, kenako amene mwachokera kwa odwala, kenako ophika ndi ogawa chakudya, kenako ena tonse. Sopo ndadula kale m'mawa uno. Sanafanane, koma akwanira. Tembenuzani manja, tambasulani zala, musaiwale zikhadabo. Pasakhale nsalu yopukutira yoyenda dzanja ndi dzanja, manja aume okha. Tikatha kudya, ogona m'makalasi abwere ndi mitsuko yawo. Chitseko chimenecho sichitsekedwanso mpaka madzi aphwe.

Malemu mayi Probhati Hagidok asiya amuna awo, bambo Hemonto Dalbot. Ana aamuna awiri, Dipon ndi Tengsrang. Mwana wamkazi mmodzi wolowa nyumba, amene ndine. Mpongozi mmodzi ndi zidzukulu ziwiri. Asiyanso mlongo wawo, bambo Porimol Hagidok, ndi ang'ono awo awiri, mayi Konika ndi mayi Bithika Hagidok. Mwana wawo woyamba, Jharna, anatsogola. Asiya ana a sukulu ino, amene ndikupempha Mulungu kuti sukulu ikadzatsegulidwa tidzawapeze onse amene alipo lero.

Abusa, nthawi ndi yanu. Yambirani pachiyambi penipeni, ndipo mukafika kwa Abrahamu musafulumire.

Amake Jharna, tikusokoserani pang'ono, mutikhululukire. Phokoso likatha, mudzamva madzi.

Apumule mu mtendere.